Mizinga ya Sitima ya Achimwene

Lolemba, 3 Juni

Mzinga wachitatu watha lero pa nkhomaliro. Ndaumalizira kuntchito, pa tebulo lomwe ndimawotchererapo mafelemu a magalasi, abwana atatuluka. Ndauika pa thonje m'kabokosi ka magalasi, pafupi ndi inzake iwiri. Itatu yonse yakonzeka kuwombera a Veniya.

Ndilembe bwinobwino za dzulo, kuti tsiku lina mtima ukadzayamba kufewa ndidzawerenge n'kupsanso mtima.

Ndinapita kukaona achimwene monga ndimachitira Lamlungu lililonse, n'kupeza a Veniya ali pa sofa, kapu ya tiyi m'manja. Ndi wapampando wa kalabu ya opanga tisitima, ndipo dzinalo anawapatsa ndi achimwene chifukwa sayenda opanda veniya, kachitsulo koyezera kaja, m'thumba la malaya. Ndikukhulupirira kuti ndi buledi yemwe amayamba amuyeza asanamudye. Anabwera ndi "maganizo abwino". Akuti sitima yankhondo ya achimwene, imene akhala akuipanga zaka zisanu ndi ziwiri, kalabu iitenge, iimalize ndi tizipangizo ta pulasitiki totuluka m'makina, n'kuiika m'kabati ya galasi ndi kachikwangwani ka dzina lawo. "Pokumbukira ntchito yawo," anatero. Pokumbukira. Munthu ali pompo pa mpando, akuwamva.

Achimwene anati iyayi. Koma chiwagwirereni sitiroko mu Januwale, mawu amene anawatsalira ndi omwewo. Tiyi akamufuna, iyayi. Akamukana, iyayi. Ndiye palibe amene amawawerengera.

Ndinati sitimayo ndikuimaliza ine, ndi manja, monga mwini wake ankafunira, ndipo ndinayamba kale. A Veniya anaseka cha m'mphuno. Alamu, akazi a achimwene, ndi amene anadula nkhani. Pa 21 kalabu imayeza sitima zokaonetsa ku chionetsero chawo. Ikakhala yatha pofika tsikulo, ikhala yathu. Ikapanda kutha, a Veniya abwere ndi katoni adzaitenge.

Ndinavomera. Masiku 18.

Lachitatu, 5 Juni

Abwana andifunsa kuti bwanji masiku ano sindituluka pa nkhomaliro. Ndati ndikuchepetsa thupi. Buledi ndimadya ndi dzanja lamanzere, lamanja limakhala ndi tupa.

Zimene achimwene anamaliza asanadwale: thupi lonse la sitima (mita imodzi ndi pang'ono), deki yoyendapo pamwamba, nyumba ya woyendetsa, machumuni awiri, ndi mabowo atatu ozungulira okhazikamo mizinga. Zotsala zonse ndi tinthu ting'onoting'ono ta pa pepala lachiwiri la pulani. Pepalalo ndinalitenga mu Febuluwale, alamu asanakhome chipinda chawo cha ntchito. Sikelo yake ndi yosavuta, 1 pa 100. Mita imodzi pa sitima yeniyeni ndi sentimita imodzi pa tebulo. Umangoika rula pa pepala n'kudula zimene waonazo.

Lamulo la mwini sitima: pasapezeke chogula chopangidwa kale. Ndiye mipope yotulukira zipolopolo ndi timitengo ta mkuwa, ndimatipana pa chobowolera n'kumatipala ndi tupa tikuzungulira. Zitseko ndi chitini cha zakumwa. Makwerero ndi waya wa 0.3 mm, sitepe iliyonse yowotcherera payokha. Magetsi ounikira panyanja, maso ake ndi zidutswa za magalasi a makasitomala athu. Pali mayi wina wa maso ofooka kwambiri amene sakudziwa kuti akuunikira sitima yankhondo.

Zatsala: makwerero 6, mabwato 2, getsi limodzi, penti. Ndikwanitsa. Zaka 22 ndikuwotcherera mahinji a magalasi ochepa kuposa njere ya mpunga, ndiye wina azindiseka cha m'mphuno?

Lachinayi, 6 Juni

Makwerero atatu. Chala chimodzi chapsa. Palibe anafapo ndi chala.

Lachisanu, 7 Juni

Ndapeza nzeru. Ndakhoma tisingano pa kathabwa, m'mizere iwiri, kuti tizigwira waya pamene ndikuwotcherera. Makwerero atatu otsala aja atha ola limodzi, owongoka ngati ojambula. Ndinatsala pang'ono kuimbira achimwene kuti ndiwauze, kenako ndinakumbukira.

Loweruka, 8 Juni

Ndapita ku kalabu kukalembetsa. Amakumana m'chipinda cha pamwamba pa shopu ya matayala, amuna khumi ndi awiri, fungo la guluu ndi la masokosi. Nditalowa anangoti zii ngati ndawapeza akusamba.

Pa fomu pali funso loti tizipangizo ndi ta manja kapena togula. Ndalemba MANJA, zilembo zikuluzikulu, mpaka cholembera chinaboola pepala.

Ndinawaonetsa mzinga umodzi, unayenda m'manja mwa onse. Kumbuyo kwanga ndinamva wandevu wina akunong'oneza mnzake kuti, "Izi anapangiratu mwini wake asanadwale, mlongoyu wangopukuta fumbi." Ndinatembenuka n'kumuonetsa chala changa chopsa chija, pafupi ndithu ndi mphuno yake. Ndinamufunsa ngati kwawo fumbi limawotcha.

A V., a Veniya aja, anatulutsa veniya yawo. Ndinawalanda mzinga wanga asanaukhudze nayo, ndinati mudzayeza pa 21, lero si tsiku lanu. Ndiye anatsegula kabokosi kawo. Mzinga wotuluka m'makina, wa sitima yomweyi. Pano ndikhoza kuvomera, popeza palibe akuwerenga: ndi wokongola. Timisomali tonse tilipo, mpaka tizogwirira ta zitseko. Makina anaupanga maola anayi, mwini wake akuonera mpira. Wanga unanditengera masabata atatu.

"Mayi, musadzivutitse," anatero. "Achimwene anu ife tikuwalemekeza."

Ndinati ulemu wa pulasitikiwo ausunge, adzaupereke kwa ena.

M'basi ndinakumbatira kabokosi ka mzinga wanga njira yonse. Si mantha ayi.

Lamlungu, 9 Juni

Tsiku loipa.

Ndinayala zonse pa tebulo la pabalaza kuti achimwene aone, pamodzi ndi pepala la pulani. Anatenga mzinga ndi dzanja lamanzere, lamanja lija silinadzukebe. Anauyang'ana nthawi yaitali, anautembenuza, n'kuuika pansi. Kenako anakoka pepala n'kuyamba kugogoda ndi chala pakona ya m'munsi, pamene palibe chojambula chilichonse, timizere ndi tinambala chabe. Iyayi. Iyayi. Iyayi. Mitsempha ya m'khosi itachita kutuluka.

Ndinawafunsa ngati mipope yatalika. Iyayi. Yafupika? Iyayi. Simukufuna kuti ndipange ine? Iyayi. Ndinapinda pepala langa.

Ndimawadziwa. Kuyambira tili ana ntchito yanga inali imodzi yokha: "Iwe, gwira apa, usagwedeze." Ndikapempha chowotcherera, yankho linali loti uwononga. Lero dzanja lawo lagona, langa likugwira ntchito, komabe ndine wowononga. Zandiwawa, ndisabise. Ndimayembekezera kuti angogwedeza mutu kamodzi kokha.

Kukhitchini ndinapempha alamu kuti anditsegulire chipinda, ndiyese tinthuti pa sitima, chifukwa chiyambireni sindinatiyesepo. Anakana.

"Alamu, inu mumabwera Lamlungu maola awiri, mwatchena bwinobwino, n'kumapita. Wowasambitsa ndine. Tsiku limene ndinasiya chitseko chija chotsegula ndinawapeza ataima pakhomo ndi ndodo yawo, akulira, kenako masiku awiri osadya. Sitimayo kwa inu ndi mpikisano. Kwa ine ndi chilonda chimene chili m'nyumba mwanga."

Sindinachoke. Ndinatsuka makapu onse, ndi oyera omwe, mpaka anatopa nane. Anati chabwino, Loweruka likubwerali, achimwene akapita ku mafizo, kokalimbitsa ziwalo kuchipatala.

Lachiwiri, 11 Juni

Getsi lachinayi linadumpha pa chopanira. Ndinangomva kuti tii, penapake kumanzere. Theka la ola ndikukwawa pansi ndi tochi ya foni, ndipo ndi mmene abwana anandipezera atalowa ndi kasitomala. Anati, "Mayiwa akupemphera, tiwasiye amalize." Kasitomala atapita anagwada nawonso. Tinalipeza litamatirira kunsi kwa nsapato yawo, litaphwatalala.

Ndapanga lina. Lachiwirili laposa loyamba, ndiye nsapato ija ndaikhululukira.

Mabwato onse awiri atha. Timipando ta m'kati ndi zotokosera m'mano zong'amba pakati.

Lachinayi, 13 Juni

Penti yotuwa, kawiri. Khonde langa lonse likununkha, mpaka a neba afunsa ngati ndatsegula galaja. Zonse zauma, zili m'mabokosi a magalasi, lililonse ndi kapepala kake. Ndawerenga kawiri: tinthu 61. A V., pukutani veniya yanu.

Loweruka, 15 Juni

Sindikudziwa poyambira.

Alamu ananditsegulira chipinda n'kukwera takisi ndi achimwene kupita ku mafizo. Zonse zili monga anazisiyira mu Januwale. Matupa pa mzere, maburashi m'kapu yopanda chogwirira, sitima pansi pa nsalu. Nditaivundukula ndinayamba ndakhala kaye pansi. Munthu uja ntchito amaidziwa.

Ndinatenga mzinga woyamba n'kuuika m'bowo lake. Unalowa, koma unalowetsa. Ukugwedera ngati dzino lofuna kuchoka, mpata mbali zonse. Wachiwiri chimodzimodzi. Wachitatu chimodzimodzi. Makwerero ochoka pa deki kupita ku nyumba ya woyendetsa sakufika pamwamba, yatsala sitepe yathunthu, msilikali azichita kudumpha.

Choyamba ndinati alakwitsa ndi achimwene. Ndinanena mokweza, m'chipinda mwawo momwe. Ndinayeza bowo, 50 mm. Tsinde la mzinga wanga, 47. Ndinayeza pa pepala langa, 47. Ndiye ine ndalakwa pati?

Pepala loyamba la pulani lili pakhoma. Pakona yake ya m'munsi pali kamzere ka muyeso, kolembedwa kuti mamita 10. Ndinaika rula, 100 mm ndendende, monga kayenera kukhalira. Ndinayang'ana pakona ya pepala langa. Kamzere komweko, mamita 10 omwewo. Ndinaika rula. 94.

Pakona pomwe paja. Pamene achimwene ankagogoda Lamlungu.

Alamu atabwera ndinawafunsa za pepalalo. "Oo, limenelo ndi fotokope. Lenileni linathiridwa tiyi kalekale. Achimwene anu anabwera akunyinyirika kuti makina alichepetsa kuti likwane pa pepala la kumeneko, koma anati palibe kanthu, iwo akudziwa." Iwo akudziwa. M'mutu mwawo. Osalemba paliponse, chifukwa ndani wina akanadzagwira sitima yawo?

Tinthu 61, tonse tochepa ndi 6 pa 100. Miyezi inayi yalowa m'madzi. Ndikanawalola a V. kuyeza sabata yatha ndikanadziwa tsiku lomwelo, koma ayi, ine mayi wamakani.

Achimwene ndinawadutsa pabalaza osawayang'ana. Manyazi.

Lamlungu, 16 Juni

Sindinapite kwa achimwene. Ndalira pang'ono m'mawa, ndachapa, ndaliranso pang'ono poyanika, basi zakwana.

Kupanganso zonse m'masiku asanu sizingatheke, ngakhale nditabwereka manja a neba. Koma katoni ya a V. silowa m'nyumba imene ija.

Maganizo: timphete topyapyala, 1.5 mm, totseka mpata wa m'mabowo. Ndikatipenta tioneka ngati mbali ya mzinga. Makwerero ndiwaikira kabokosi kunsi, kazioneka ngati sitepe yoyamba. Zitseko zikhale momwemo, asilikali ake aziwerama. Ndani angaone 6 pa 100? Tsitsi langa litafupika 6 pa 100 palibe angandifunse kuti mwameta.

Tsiku loyeza a V. amakhala ndi sitima makumi awiri. Sangayeze chitseko chilichonse. Achimwene ankanena kuti amayeza utali, m'lifupi ndi chumuni, ndipo zimenezo ndi za mwini wake, zilibe banga.

Si chinyengo. Zonse ndi za manja anga ndithu.

Lolemba, 17 Juni

Timphete tatha, tonse titatu. Ndinaonetsa abwana mzinga uli m'kamphete kake, n'kuwafunsa ngati akuonapo cholakwika. Anavala magalasi awiri, ena pamwamba pa ena, anati palibe. Munthu woyeza maso a anthu zaka makumi atatu sakuona kanthu, ndiye nkhani yatha.

Kenako anafunsa kuti, "Nanga bwanji mwandifunsa?" Ndinati ndimangofuna kumva. Anandiyang'ana pamwamba pa magalasi n'kubwerera ku ntchito yawo. Sindimakonda akamatero.

Lachiwiri, 18 Juni

A V. atumiza uthenga pa foni, akufunsa utali wa sitima kuti apeze katoni yokwanira. Ndayankha kuti ayeze kuchokera komwe aliko, veniya ali nayo.

Lachitatu, 19 Juni

Ndinapempha theka la tsiku kuntchito. Alamu ananditsegulira osalankhula zambiri, anangoti nditseke chitseko, achimwene akuwodzera pa mpando.

Pofika 4 koloko zonse zinali pamalo pake, zosamata, zongokhazika. Ndinabwerera m'mbuyo mpaka kukhoma. Inaoneka sitima yeniyeni, yolusa, yoti ukaiona panyanja ukhota. Ndinadziyamikira ndekha, popeza woyamikira wina panalibe.

Ndodo sindinaimve. Ndinangoona chitseko chatseguka, achimwene ali pakhomo, alamu kumbuyo kwawo akuti, "Bambo, tiyeni tibwerere." Sanabwerere. Anayenda okha mpaka pa tebulo, akukoka mwendo, n'kutsamira. Anaiyang'ana kuyambira kutsogolo mpaka kumbuyo. Kenako dzanja lamanzere linatola mzinga woyamba n'kuuika pambali. Linatolanso kamphete kanga. Anakakweza kufupi ndi nkhope yanga, n'kukaponya m'bini.

Ndinaphulika. Zimene ndinanena ndizilembe, ndisadzinamize. Ndinati miyezi inayi ndapsa zala chifukwa cha inu. Ndinati mukanalemba nambala imodzi yokha pa pepala bwenzi zonsezi kulibe, koma ayi, nzeru zonse m'mutu mwanu, onani tsopano mutuwo watsekeka nazo. Ndinati Lachisanu a Veniya akubwera ndi katoni, mukufuna pulasitiki? Iyayi. Mukufuna zangazi? Iyayi. Ndiye mukufuna chiyani?

Alamu anati, "Zakwana, alamu. Tulukani." Ndinatuluka.

Za mutu zija sindinayenera kunena. Zinazo sindikubweza.

Lachinayi, 20 Juni

Ndathyola felemu ya kasitomala, koyamba m'zaka zisanu ndi chimodzi. Abwana anangondibweretsera madzi.

Alamu anaimba masana. Ndinakonzeka kukalipiridwa. M'malo mwake anati achimwene chidzukireni ali m'chipinda chija, akukana kutuluka. Chakudya adyera momwemo, ndipo amaliza mbale yonse. Achotsa tinthu tanga tonse pa sitima, kamodzikamodzi, ndi dzanja limodzi lija, n'kutiyala pa tebulo m'mizere. Palibe kamene kathyoka. "Sindikudziwa ngati akwiya kapena akusangalala," anatero. "Koma pangano ndi pangano, alamu. Ikapanda kufika ku kalabu masana, a Veniya abwera 4 koloko."

Njira ilipo. Ndipite m'mawa, ndipange kamphete kena, ndibwezeretse zonse, ndimate ndi guluu, ndiikweze takisi iwo akunena iyayi wawoyo. Ikhoza kudutsa, ndikudziwa kuti ikhoza. Wandevu uja ameze mawu ake, ine ndapambana.

Koma ikabwerako izidzakhala pa tebulo lawo, ndipo azidzaiona tsiku lililonse ndi maso aja oona mamilimita atatu ali pakhomo. Masabata onsewa ndakhala ndikunyoza a V. kuti akufuna kuwamalizira sitima osawafunsa. Nanga ine ndinawafunsa liti?

Komabe ndikapanda kutero yapita. Mutu waima.

Lachisanu, 21 Juni

Ndinapita ndi guluu m'chikwama, ndisaname. Ndinapitanso ndi mkuwa watsopano. Mpaka pa geti sindinkadziwa kuti nditulutsa chiti.

Ndinawapeza pa mpando wawo wa ntchito, tinthu tanga tili m'mizere patsogolo pawo. Ndinati, "Achimwene, za mutu zija mundikhululukire." Anati iyayi, koma mofewa, n'kundikankhira mpando wina ndi ndodo.

Ndinatulutsa mkuwa.

Ndinayala pepala lachiwiri, ndinaika rula pa tsinde la mzinga, n'kunena mokweza, ndekhandekha, kuti 47. Ndikufufuza foni kuti ndiwerengere, ndinamva dilowa ikutseguka. Anatulutsa kalikyuleta yakale, manambala a pa mabatani atafufutika. Chala chimodzi, pang'onopang'ono. 47, kugawa ndi 0.94. Anaitembenuzira kwa ine. 50.

Ndinayeza mpope, ndinati 63. Chala chija. 67. Chitseko, 18. Anandionetsa 19.1. Mawu anawathawa, koma manambala sanapite kulikonse. Miyezi isanu tonse m'nyumba muja tikuwafunsa mafunso a inde kapena ayi, osaganizako zowafunsa kuti zingati. Ndinapukuta m'maso ndi mkono, iwo anagwedeza kalikyuleta kuti ndifulumire. Nambala yatsopano iliyonse ndinailemba pa pepala pomwepo, ndi inki yofiira, pambali pa yakale.

Nthawi ya ku kalabu inadutsa tili pa makwerero. Wotchi ndinaiona, sindinanyamuke.

4 koloko, belu. A V. ndi katoni yaitali, m'kati atayalamo siponji, munthu anakonzekera ndithu. Alamu anawalondolera mpaka pakhomo la chipinda. Anaona sitima ilibe kanthu pamwamba, mabowo atatu ali yasa.

"Pepani mayi, mwayesetsa," anatero kwa ine.

Ndinaimirira pakati pa iwo ndi tebulo. Ndinati sitima sinathe, wolakwitsa ndine, zonse ndinazipanga zochepa, ndipo kuzipanganso kutenga miyezi ina inayi, mwina isanu ndi umodzi. Ndinati koma kuti muitenge, muyambe mwandiika ine m'katonimo. Ndinkadziwa kuti ndilibe poimira. Nyumba si yanga, ndipo panganolo ndinalivomera ndi pakamwa panga.

A V. anatembenukira kwa alamu. "Mayi, tinagwirizana."

Alamu anali atatsamira mphuthu ya chitseko, akuyang'ana amuna awo. A V. anasamutsira katoni ku dzanja lina.

"Tinagwirizanadi," anatero alamu. "Koma ine ndinkapereka sitima imene inalibe woigwira. Tiyeni pabalaza mukamwe tiyi, a wapampando. Muno anthu ali pa ntchito."

Anatseka chitseko. Achimwene sanatembenuke n'komwe, chala chili pa batani, akudikira nambala ina. Ndinakhala pansi n'kutenga rula.